KUSUNGA NDI KUNOLA ZOBOOLERA

 Lero sitinena za thonje kapena mtedza ai, koma za kacitsulo kakang'ono kamene kangathe kuimitsa nchito ya munda wonse. Kameneka ndi nsonga yoboolera, imene amisiri amaicha biti.

Taganizani: mvula yoyamba yagwa, ng'ombe ziri zokonzeka, koma goli lathyoka. Mtengo wina ulipo, catsala nkuboola mabowo a zikeyi. Mupita kwa mmisiri, ndipo iye apeza biti yace itadyedwa ndi dzimbiri. Papita masiku atatu, anzanu abzala kale, inu mukali kufunafuna cobwereka. Nonse mudziwa kuti wobzala mocedwa amakolola pang'ono.

Mabiti alipo a mitundu itatu imene tiiona kawirikawiri. Woyamba ndi wa mitengo, wokhala ndi kamano kopota kutsogolo kamene kamadzikoka kokha m'thabwa. Waciwiri ndi wa zitsulo, wopotana ngati cingwe. Mtundu umenewu anaulembetsa ndi Stephen Morse wa ku America m'caka ca 1863. Wacitatu ndi wa njerwa ndi simenti. Uli wonse ugwire nchito yace. Mukaboolera citsulo ndi biti ya mitengo, mwaipha.

Tsono kasungidwe. Kuno kunyanja kumatentha, ndipo m'dzinja cinyontho cimalowa pali ponse, cotero dzimbiri sicedwa. Mukatha nchito, cotsani utuci wonse, mupukute biti ndi kansanza koviika m'oilo. Musaiike pansi kapena kuisomeka ku denga la udzu. Ndiponso musaponye mabiti onse pamodzi m'citini, cifukwa akamagundana mano ace amabenthuka.

Njira yabwino ndi iyi. Tengani cidutswa ca thabwa louma bwino, monga la mlombwa. Biti iri yonse iboole bowo lace, kuyambira yaing'ono kufikira yaikuru, ndipo pambali pa bowo mulembepo muyeso wace. Mukatero, bowo lopanda kanthu lidzakuuzani lokha kuti biti yakuti sinabwerere. Amene amayenda ndi zida zao pa njinga asoke kansaru kolimba ka matumba ang'onoang'ono, biti imodzi m'thumba limodzi.

Cenjerani ndi miyeso, pakuti ena ndi a mainchesi, ena a mamilimita. Inchesi imodzi ndi mamilimita 25.4, cotero biti ya theka la inchesi ndi 12.7, siilingana ndi ya 12. Pa mabiti akale a mitengo, nambala imawerenga magawo a inchesi yogawidwa pa 16: nambala 8 ndiye theka la inchesi, nambala 16 ndiye inchesi yathunthu. Bowo likakula koposa bauti, ngolo imagwedera mpaka thabwa ling'aluka.

Nanga mudziwa bwanji kuti biti yabuntha? Imalira, imatentha, imaturutsa fumbi m'malo mwa zipalapala, ndipo inu mumacita kukanikiza ndi mphamvu. Pamenepo lekani, muinole.

Biti ya mitengo imanoledwa ndi tupa yaing'ono yosalala. Mano awiri oimirira m'mbali muwapale mkati mokha. Mukapala kunja, biti icepa kutsogolo ndipo idzakanirira m'bowo. Milomo yodula muipale pamwamba, mbali yoyang'ana ku cigwiriro, mofanana mbali zonse ziwiri. Kamano kotsogolera kaja musakakhudze.

Biti ya zitsulo imafuna mwala wozungulira wonolera. Nsonga yace imapendeka madigiri 118. Ngati mulibe coyesera, gundanitsani manati awiri a mbali zisanu ndi imodzi. Mpata wa pakati pao ndi madigiri 120, ndipo nsonga yonoledwa bwino ikhala m'menemo pafupifupi ndendende. Milomo iwiri ikhale yotalika mofanana, apo ai bowo lituruka lalikuru. Kumbuyo kwa mlomo kutsike pang'ono kuti mlomo wokha ndiwo ukhudze citsulo. Nolani pang'onopang'ono, mukupumitsa kawirikawiri kuti isatenthe. Nsonga ikapsa nkuoneka yobiriwira, makamaka pa mabiti a citsulo wamba, ndiye kuti yafewa, siidzadulanso. Maso anu muwachinjirize ku zothetheka. Biti ya simenti iri ndi nsonga youma kwambiri, mwala wamba suitha ai.

Mau otsiriza ndi anu, mafumu. M'midzi yambiri zida zotere ziri ndi munthu mmodzi kapena awiri, ndipo onse amabwereka kwa iwo. Milandu ya cida cotayika imafika pa bwalo lanu. Langizani anthu anu kuti mwini zida akhale ndi kabuku kolembamo wobwereka ndi tsiku lace, ndipo wothyola abweze. Awuzeninso kuti magoli, makasu a ng'ombe ndi ngolo azikonzeratu m'cilimwe, mu September kapena October, mvula isanagwe.

Usiku uno, musanagone, tapitani mukaone m'mene muli zoboolera zanu. Tsalani bwino.