Ubatizo ndi Umodzi, Koma Sitidyera Pamodzi

Inu akhristu a ku Wenya m'boma la Chitipa amene mwazinga wailesi madzulo ano, Mthenga Wabwino umene tamva, wolembedwa ndi Yoane Woyera mutu 17, watisonyeza Ambuye Yezu alikupempherera ophunzira ao kuti akhale amodzi. Anapemphera chotero usiku woti mawa lake aphedwa, ndipo munthu wodziwa kuti akufa sataya mau pachabe.

Pempheroli likhudza nyumba zathu. Lamulungu m'mawa bambo alowera ku tchalitchi cha Katolika, mai ku CCAP, ana naima pakhomo osadziwa atsate yani. Kodi anawo tiwauza chiyani?

Poyamba tiwauze mbiri mosabisa. Kuno ku Mpoto amishoni a Livingstonia ndiwo anayamba kufika. Dr Robert Laws anakhazika likulu lao pa Khondowe m'chaka cha 1894, pamene mishoni yathu yoyamba m'chigawo chino, ya Katete, inatsekulidwa mu 1938. Agogo athu ambiri anamva dzina la Yezu ndi kuphunzira kuwerenga m'masukulu a Aprotestanti. Wotukwana CCAP ayambe waganiza: kodi sakutukwana agogo ake omwe?

Mpatukowo sunabadwire kuno, tinachita kuulandira. Mu 1517 Martin Luther, amene anali wansembe, anadzudzula malonda a makalata okhululukira zilango za machimo. Pa ichi anali ndi chifukwa, pakuti Msonkhano wa Trent (1545 mpaka 1563) unathetsa zonyansazo nulamula kuti ansembe aziphunzira m'maseminale. Koma iye, ndiponso John Calvin ndi John Knox amene chiphunzitso chao chinafika kuno kudzera ku Scotland, sanalekeze pokonza denga lodontha: anagumulanso mizati. Mu 1964 Msonkhano wachiwiri wa Vatican unavomera poyera kuti anthu a mbali zonse ziwiri analakwa, nuphunzitsa kuti onse obatizidwa moyenera ndi abale athu mwa Ambuye. Mu 1999, ku Augsburg, Akatolika ndi Alutera anasayina mgwirizano wakuti munthu apulumuka ndi chaulere cha Mulungu mwa kukhulupirira Khristu, ndipo ntchito zabwino ndi zipatso zake. Bungwe la pa dziko lonse la mipingo yotsata Calvin linauvomera mu 2017. Nkhani imene makolo anakhetsera mwazi, lero tiinena ndi mtima umodzi.

Komabe zatsala, ndipo si zazing'ono. Ife tikhulupirira kuti pa Misa mkate ndi vinyo zisanduka ndithu Thupi ndi Magazi a Khristu, ndi kuti mphamvu yochita zimenezi ichokera kwa Apostoli kudzera mwa Aepiskopi ogwirizana ndi Apapa. Abale athu a CCAP saphunzitsa chotero. Ndicho chifukwa chake mai uja, ngakhale amaphikira ansembe akabwera kudzayendera tchalitchi, sapita kutsogolo nthawi ya Ukaristia. Zimapweteka, ndipo ziyenera kupweteka. Wolandira amati “Amen”, ndiko kuti: ndivomera zonse. Tikamkoka dzanja kuti anene Amen pa chimene sakhulupirira, tamunamiza iye, tanamizanso Ambuye. Chilonda chophimba ndi nsanza chimaola msanga.

Taona kale zimene tingathe pamodzi. Pa 8 March 1992 Aepiskopi athu atatulutsa kalata yodzudzula kupanda chilungamo m'dziko, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anapirikitsidwa, ndipo Mbusa Aaron Longwe wa Sinodi ya Livingstonia anamangidwa chifukwa cholankhula zomwezo. Apolisi sanafunse kuti uyu ngwa mpingo uti. Buku Loyera, lotuluka mu 1998, analimasulira limodzi Akatolika ndi Aprotestanti.

Tsono inu makatekisiti, pa maliro a banja losakaniza musalimbirane mtembo ndi akulu a mpingo winawo. Panganani mwambo usiku wa chisiwa, ndipo ulaliki wanu usakhale mpata wolasa anzanu ndi mau. Pophunzitsa ana za Ukaristia ndi za Amai Maria fotokozani zonse, osachepetsa kanthu, koma mwana asabwerere kunyumba akunyoza mai ake. Kuyambira pa 18 mpaka 25 January ndi sabata yopempherera umodzi wa akhristu. Mphakati uliwonse uitane anansi a CCAP madzulo amodzi, muwerengere pamodzi mutu 17 wa Yoane uja, ndipo mlendoyo ndiye atsekere ndi pemphero.