NYUMBA YA M'TAUNI IKAKANIKA KUGULIKA: KUFUNA MALO KUMIDZI

Omvera ambiri a ku Migodi akumbukira caka ca 1996, pamene Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa anthu okhalamo. Posapita nthawi kampani ya ZCCM nayonso inayamba kugulitsa nyumba zace kwa anchito ace, ndipo mtengo wa nyumba unali kucotsedwa pa ndarama zimene munthu akadalandira poleka nchito. Ambiri anakondwa, pakuti kuyambira kale nyumba ya m'komboni inali ya kampani, ndipo munthu nchito ikatha anali kumanga katundu wace ndi kutuluka. Koma si onse anagula ai. Analipo ena amene anakhala zaka zambiri m'nyumba za mgodi osakhala anchito a kampaniyo. Iwowa anapita ku makhoti, ndipo oweruza anati kukhala m'nyumba kokha sikupatsa munthu mphamvu ya kuigula.

Masiku ano malonda a nyumba amafa mwa njira zina. Pena wogulitsa alibe cikalata ca umwini. Pena nyumba imodzi walonjeza anthu awiri. Pena ndi nyumba ya masiye, ndipo lamulo la 1989 linena kuti woyang'anira cuma ca masiye sangaigulitse popanda cilolezo ca khoti. Wamwai ndiye amene ndarama zace zambwerera. Tsono munthu wotere amakhala ndi ndarama m'manja ndi cilonda mumtima, nayamba kunena kuti, za m'tauni zandikola, ndikapeze malo kumidzi kumene ndidzapumula. Ganizo limeneli si loipa. Coopsa cace ndi liwiro, cifukwa ndarama zokhala cabe zimasungunuka, abale amabwera kudzakongola, ndipo mwini wace afuna kuzikwirira msanga m'nthaka iri yonse imene amsonyeza.

Coyamba cimene ayenera kudziwa ndi cakuti malo a kumidzi sagulidwa monga igulidwa njinga. Mwa lamulo la za malo la 1995, nthaka yonse ya Zambia iri m'manja mwa Pulezidenti, amene aisungira anthu. Ina ndi ya Boma, imene ibwerekedwa kwa munthu kufikira zaka 99. Ina ndi ya mafumu, ndipo iyo igawidwa mwa mwambo. Pa malo a mafumu mlendo amayamba kwa nyakwawa, nyakwawa namperekeza kwa mfumu yaikuru. Cimene apereka kumeneko ndi ulemu, ngakhale masiku ano ulemuwo wakula kufikira kufanana ndi mtengo. Kalata imene mfumu ilemba iri ndi mphamvu pakati pa anthu ace, koma ku banki saiwerengera monga cikalata ca Boma. Wofuna cikalata cotere atenge cilolezo ca mfumu, apite naco ku khonsolo ya boma lomwelo, ndipo khonsolo ikabvomereza nkhani ipita kwa mkuru woyang'anira za malo, Commissioner of Lands. Wopima malo ayenera kubwera ndi kukhoma zikhomo za simenti m'malire. Zimenezi zimadya miyezi, kawirikawiri zaka, ndipo cikalata cikaturuka mwini malo amalipira msonkho wa nthaka caka ndi caka.

Lamulo lomwelo linena kuti anthu amene malowo awakhudza afunsidwe asanawasandutse a cikalata. Apa ndi pamene alendo ambiri amapunthwa. Munthu wa m'tauni akaona chire lopanda cimanga amayesa kuti liribe mwini. Komatu chirelo lingakhale tsala la banja lina limene lipumitsa nthaka, kapena podyetsa ng'ombe za mudzi wonse, kapena njira ya akazi yopita kumadzi. Pamene pali mitengo yaikuru yosadulidwa pakati pa minda, wanzeru afunse cifukwa cace, pakuti kawirikawiri pamenepo ndi pamanda. Akuru anati safunsa anadya phula. Ndiponso alipo malo amene ngakhale nyakwawa iribe mphamvu ya kugawa, ndiwo nkhalango zosungidwa ndi Boma. Anthu ambiri amene anacotsedwa nchito pamene migodi inali kugulitsidwa, pakati pa 1997 ndi 2000, analowa m'nkhalango zotere pafupi ndi matauni, namanga, naocha makala, nakhala zaka ali ndi mantha a kupitikitsidwa.

Nanga munthu alunjike kuti? Njira imene ioneka yapafupi ndiyo kubwerera kwao, kaya ku Katete, ku Petauke kapena ku Chipata. Kumeneko safunika kugula, cifukwa mbadwa iri ndi gawo lace. Koma gawolo limatsata mwambo. Kwa Acewa ndi Ansenga munda umayenda ndi mbumba, cotero mwamuna amapeza malo kwa amace, ndipo ana ace, amene mtundu wao uli kwa mai wao, angadzabvutike iye atafa. Kwa Angoni a Mpezeni cuma cimatsata atate. Ciripo cinanso cimene malamulo sacichula. Mzungu wina wa ku America, James Ferguson, anaceza ndi anchito a mgodi a ku Kitwe amene anali kuleka nchito m'zaka za 1980, nalemba buku lochedwa Expectations of Modernity, limene linaturuka mu 1999. Iye anapeza kuti amene analandiridwa bwino kumudzi ndi aja anali kutumiza thandizo ndi kufika pa maliro masiku amene anali pa nchito. Amene anaiwala abale anaopa kubwerera, ena kuopa njiru, ena kuopa ufiti. Munthu adziwa yekha mbali imene ali.

Cifukwa ca ici ambiri amasankha kukhala pafupi ndi Migodi, m'dziko la Alamba, ku Masaiti, ku Mpongwe ndi ku Lufwanyama. Ubwino wace ngwakuti msika uli pafupi, cipatala ca ku Ndola kapena ca ku Kitwe cifikika tsiku lomwelo, ndipo ana otsala m'tauni akhoza kubwera pa Ciweru. Aliponso malo amene Boma linapatula kuti likhazikepo anthu, monga Kambilombilo ku Lufwanyama ndi Kanakantapa kufupi ndi Chongwe, kumene minda inapimidwa kale ndipo anansi ndi a mitundu yosiyanasiyana, kotero kuti palibe amene amachedwa mlendo.

Malo akapezeka, asawaone kamodzi kokha. Wogulitsa wocenjera amaitana wogula mwezi wa April kapena May, pamene udzu uli wobiriwira, mtsinje uli ndi madzi, ndi mseu wayamba kuuma. Ndico cikomekome ca nkhuyu. Malo aonedwe mu October, dzuwa litafika pacimake, kuti munthu aone ngati citsime ciri ndi madzi ndi kutalika kwa ulendo wa mkazi wosenza mtsuko. Aonedwenso mu February, pamene dambo ladzala, kuti adziwe ngati galimoto ya feteleza ingafike, ndi ngati pamene afuna kumanga nyumba sipakhala thawale. Nthaka imadzinenera yokha kwa wodziwa kuiwerenga. Pamene pamera tsekera wamtali ndi nsenjere pali conde. Pamene pacuruka masuku nthaka imakhala yosabereka kwenikweni. Kaufiti m'munda wa cimanga asonyeza kuti nthaka yatopa. Ku Migodi mvula imagwa yambiri, ndipo imatsuka nthaka ndi kuisiya yowawasa, cotero mlimi wa kumeneko amafuna laimu pamodzi ndi feteleza. Katondo wofiira wa ku Mpongwe ndiye achuka, ndipo cifukwa ca kuchukako mafamu akuru anatenga kale mbali yaikuru.

Mkazi apite nao pa maulendo amenewa. Amuna ambiri amasankha malo okha, nakondwera ndi kukula kwa munda, osaganiza za cigayo, sukulu ndi chalichi. Pambuyo pace mai amakana kusamuka, ndipo bambo amakhala yekha m'msasa kudziphikira. Dzina la mkazi lilembedwenso pa kalata ya mfumu, pamaso pa nyakwawa ndi mboni za m'mudzimo, ndipo malire ayendedwe ndi mapazi pamodzi ndi eni minda yoyandikana, aliyense naloza mtengo kapena culu pamene munda wace ulekeza.

Ndarama zisathere pa malo ndi malata. Munthu amene wagwira nchito pansi pa mgodi zaka 25 sadziwa khasu monga analidziwa ali mnyamata, ndipo adzafuna aganyu ozula zitsa, mbeu, ndi cakudya ca banja kufikira kukolola. Cimanga cobzalidwa mu November sicilowa m'nkhokwe kufikira May. Ena amayamba ndi kupempha munda wa caka cimodzi, namanga kanyumba ka udzu, osataya cipinda cao ca lendi m'tauni. Mvula ikatha amakhala atadziwa nthaka, madzi ndi mitima ya anansi, ndipo a m'mudzi nawonso amakhala ataona ngati mlendoyo amafika pa maliro.