Mkangano wa Giannis: Mau Oyankhulidwa pa Msonkhano Wathu wa Pachaka



Pamene a komiti anandipempha kuti ndiyankhule lero, ndikhulupirira kuti anayembekezera kuti munthu wa m'boma ngati ine ndidzakamba za malipoti ndi za ndalama za bungwe lathu. Mundikhululukire, a Wapampando, pakuti ndakutengerani nkhani ya mpira wa basketball. Komabe musadere nkhawa, chifukwa ndisanakhale pansi nkhani ya ndalama ija tiipeza ndithu.

Mwezi wathawu, titamaliza msonkhano wokambirana zokonza bwalo la basketball la pasukulu pano, tinatsala anthu anayi amene tinkasewera m'timu ya sukulu m'zaka za m'ma 1990. Tinayamba bwinobwino kukumbutsana zakale, koma posakhalitsa panabuka mkangano umene unatha pokhapokha alonda atatiuza kuti akufuna kutseka geti. Mkanganowo unali wa munthu mmodzi amene sanapondepo pa sukulu ino, dzina lake Giannis Antetokounmpo, ndipo funso linali lakuti: kodi katswiri ameneyu akonze chiyani pa kaponyedwe kake ka mpira?

Kwa inu amene simutsatira masewerowa, ndifotokoze pang'ono. Giannis anabadwira mu mzinda wa Athens ku Greece m'chaka cha 1994, kwa makolo ochokera ku Nigeria. Ali mwana ankathandiza banja lake pogulitsa mawotchi, zikwama ndi magalasi m'misewu. Timu ya Milwaukee Bucks ya m'ligi ya NBA ku America inamutenga mu 2013, ndipo mu 2019 ndi mu 2020 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'ligimo. Ndi wosewera kutsogolo, wotalika mamita 2.11, ndipo mphamvu yake yagona pa kuthamanga ndi mpira mpaka pansi pa ringi n'kuulowetsa ndi dzanja. Koma akaima patali kuti aponye, ochemerera ake omwe amagwira mtima.

Vuto limeneli linaonekera poyera mu 2019 pamene Bucks inakumana ndi Toronto Raptors pa ndime yolowera ku fainolo. Bucks inapambana masewero awiri oyamba, kenaka a Toronto anayamba kumuikira mpanda wa anthu atatu kapena anayi kutsogolo kwa ringi, n'kumusiya kuti aponye ali patali ngati akufuna. Bucks inagonja masewero anayi otsatizana. Chaka chotsatira Miami Heat inachitanso chimodzimodzi, ndipo inawatulutsa pa masewero 4 kwa 1.

Tsono mnzathu woyamba pa mkangano uja anati mankhwala ake ndi mpira wa mapointi atatu. Iye anati masiku ano ndi a Stephen Curry, ndipo wosadziwa kuponya ali kunja kwa mzere watsalira. Giannis atati azilowetsa yakutali, omutchinga aja angakakamizike kutuluka ndipo mpanda ungagwe wokha. Wachiwiri anati ai, chofunika ndi mpira wapakatikati, wa mamita anayi kapena asanu, umene Michael Jordan ankapwetekera nawo anzake. Wachitatu anati tonse tikungotaya nthawi, munthu amene wapambana kale chikho tingamuphunzitse chiyani ife amene mawondo anatha kalekale? Ine ndinali wachinayi, ndipo poti tsiku limenelo anzangawo sanandipatse mpata wokwanira, lero ndauponda mwala pamaso panu. Yankho langa ndi lakuti akonze free throw, mpira waulere uja umene munthu amaponya ataima pa mzere popanda womutchinga, mdani akamuchita faulo.

Tiyambe ndi masamu, ndipo aphunzitsi athu a masamu amene ali pano andiwongolere ndikalakwa. M'chaka cha masewero cha 2019 mpaka 2020 Giannis anayesetsa kuchita zimene mnzathu woyamba uja akufuna. Ankaponya yakutali pafupifupi isanu pa masewero alionse, koma inkalowa 30 yokha pa 100 iliyonse. Mukachulukitsa 30 ndi mapointi atatu mupeza mapointi 90 pa mipira 100. Pamene munthu yemweyo m'chaka cha 2023 mpaka 2024 analowetsa mipira 61 pa 100 iliyonse imene anaponya, yambiri mwa iyo ali pafupi ndi ringi. Mukaiwerengera mapointi awiri okha mupeza 122. Choncho nthawi iliyonse imene Giannis waima patali n'kuponya, mdani amasangalala, pakuti wasiya malonda a phindu lalikulu n'kutenga a phindu lochepa. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mpanda uja uli ndi mankhwala ena: kupatsira mpira anzake odziwa kuponya yakutali, monga mmene ankachitira ndi Brook Lopez ndi Khris Middleton, pakuti anthu atatu akatchinga mmodzi ndiye kuti awiri atsala okha. Giannis mwini anaoneka kuti wazindikira zimenezi, chifukwa m'chaka cha 2024 mpaka 2025 yakutali inatsika kufika pafupifupi umodzi pa masewero, anaonjezera yapakatikati, ndipo anagoletsabe mapointi oposa 30 pa masewero alionse. Apa ndivomereze kuti mnzathu wachiwiri uja ali ndi mfundo.

Koma free throw ndi yosiyana ndi mipira ina yonseyi, chifukwa yakutali ndi yapakatikati munthu amachita kusankha, pamene free throw sangaithawe. Munthu wamphamvu wothamangira ku ringi alibe womuimitsa koma pomuchita faulo, motero Giannis amapezeka pa mzerewo kakhumi kapena kuposerapo pa masewero amodzi. Mphamvu yake yomweyo ndi imene imamufikitsa pa malo amene ali wofooka. Ndipo chodabwitsa n'chakuti m'chaka cha 2016 mpaka 2017 ankalowetsa 77 pa 100, koma mu 2019 mpaka 2020 anatsika kufika pa 63, ndipo mu 2024 mpaka 2025 anali pafupifupi pa 62. Sitikumupempha kuti aphunzire chinthu chachilendo; tikumupempha kuti atolenso chimene anali nacho kale.

Ndikupatsani masewero awiri kuti muweruze nokha. Pa 20 Julaye 2021, Bucks inakumana ndi Phoenix Suns pa masewero achisanu ndi chimodzi a fainolo. M'masabata a m'mbuyo mwake ochemerera matimu ena ankamuwerengera mokweza kuyambira 1 mpaka kupitirira 10 akaima pa mzere, chifukwa lamulo la NBA limapereka masekondi khumi okha ndipo iye ankachedwa. Mipira ina sinkakhudza n'komwe ringi. Koma usiku umenewo analowetsa 17 mwa ma free throw 19, anagoletsa mapointi 50, ndipo Bucks inapambana 105 kwa 98 n'kutenga chikho chimene inachigwira komaliza mu 1971. Kusiyana kunali mapointi asanu ndi awiri. Akadaponya monga ankaponyera m'masabata aja, osakwana 6 pa 10 iliyonse, pafupifupi kusiyana konseko kukadafufutika. Tsono yerekezani ndi pa 26 Epulo 2023, pamene Bucks, imene inatsogola ligi yonse chaka chimenecho, inatulutsidwa ndi Miami Heat m'ndime yoyamba. Giannis anagoletsa mapointi 38, koma mwa ma free throw 23 analowetsa 10 okha. Bucks inagonja 128 kwa 126. Anaphonya 13, timu n'kugonja ndi mapointi awiri. Palibe usiku mwa awiriwa umene mpira wa mapointi atatu ndiwo unagamula mlandu wake.

Mnzathu wachitatu uja anati munthu wamkulu thupi ndi manja sangasinthe, ndipo anatchula Shaquille O'Neal amene moyo wake wonse wa masewero ankalowetsa pafupifupi theka lokha. Ine ndimuyankha ndi Karl Malone wa Utah Jazz, amenenso ankasewera kutsogolo. M'chaka chake choyamba, 1985 mpaka 1986, Malone ankalowetsa 48 pa 100. Patapita zaka zitatu anafika pa 76, ndipo pamene ankapuma mu 2005 panalibe wina m'mbiri ya NBA amene analowetsa ma free throw ochuluka kuposa iye. Anzanga a msinkhu wanga mukumbukira kaseti ya vidiyo ya fainolo ya 1997 imene tinkaonera m'holo muno mpaka inatha mizeremizere. Pa masewero oyamba, zigoli zili 82 kwa 82 ndipo kutatsala masekondi ochepa, Malone yemweyo anaphonya iwiri, Jordan n'kulowetsa wopambanira. Izi zikutiphunzitsa kuti khama silithetseratu kuphonya, komanso kuti ngakhale pakati pa akatswiri otere chikho chimatha kutsamira pa mzere umenewu.

Nanga angakonze bwanji? Ringi ili mamita 3.05 kuchokera pansi, ndipo kukamwa kwake n'kwakukulu pafupifupi masentimita 45, pamene mpira ndi wa masentimita 24. Mpira ukabwera kuchokera pamwamba umapeza khomo lotakasuka, koma ukabwera chogona khomolo limachepa. Anthu ataliatali amakonda kuponya chogona chifukwa ringi amaiona pafupi, motero choyamba ndi kukweza mpira kuti upange uta. Chachiwiri, chigongono chikhale pansi pa mpira, mphamvu ichokere m'mawondo, ndipo thupi lonse liyende kamodzi popanda kuima panjira. Chachitatu, mwambo wa pa mzere ukhale waufupi ndiponso womwewomwewo tsiku lililonse, pakuti munthu akachedwa amapatsa mpata maganizo, ndipo maganizo ndiwo amaumitsa dzanja. Chachinayi, aziyeserera atatopa, chifukwa pa masewero enieni palibe amafika pa mzere ali wopuma.

Pali njira inanso imene anthu amaikana chifukwa cha manyazi. Rick Barry ankaponya mpira ndi manja awiri kuchokera pakati pa miyendo, ndipo ankalowetsa pafupifupi 9 pa 10 iliyonse. Wilt Chamberlain, amene ankavutika kwambiri pa mzere, anagwiritsa ntchito njira yomweyo tsiku limene anagoletsa mapointi 100, pa 2 Marichi 1962, ndipo analowetsa 28 mwa 32. Pambuyo pake anaisiya poona ngati ikumuchititsa manyazi. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Amayi ndi abambo, mwina mukudabwa kuti nkhaniyi ndaigwira mwamphamvu chonchi chifukwa chiyani. Ndili Fomu 4, pa bwalo lomweli limene tikufuna kukonzali, tinali m'mbuyo ndi pointi imodzi pa masewero ndi sukulu ina, ndipo anandichita faulo nthawi itatsala pang'ono kutha. Chaka chonsecho ndinkathera madzulo kuyeserera kuponya yakutali kuti anthu azindiombera m'manja, ndipo pa mzere wa free throw ndinkangodutsapo. Ndinaphonya yonse iwiri. Ena a inu munalipo, ndipo ndikuona mukuseka mpaka lero.

Dzulo madzulo ndinaima pambali pa bwalolo kuonerera ana athu akusewera. Pa mphindi makumi awiri zimene ndinakhalapo, anyamata ndi atsikana omwe anali kunja kwa mzere wautali, aliyense akukankha mpira kuchokera pachifuwa kuti ufike, chifukwa mphamvu zoufikitsa bwino alibe. Pa mzere wa free throw sipanaime ngakhale mmodzi. Ndinadziona ndekha mwa ana amenewa. Kumbukiraninso kuti iwo amasewera potsata malamulo a FIBA, amene amapereka masekondi asanu okha pa mzerewo.

Tsono ndafika pa ndalama paja, a Wapampando. Pa mapulani amene tapatsidwa, ndalama zonse zikupita ku simenti, penti ndi mipando ya oonerera. Sindikutsutsa zimenezi, koma ndikupempha msonkhano uno kuti tipatule gawo lina logulira mipira yokwanira ndi maringi awiri oongoka, ndiponso lothandizira mphunzitsi wa masewero kuti akachite maphunziro a ukochi. Ndikupemphanso ife amene tinasewerapo ndipo timakhala pafupi kuti tizisinthana kubwera Loweruka limodzi pa mwezi, kudzaima pansi pa ringi n'kumabwezera ana mpira, mwana aliyense aponye makumi asanu asanapite kukasewera. Ntchito imeneyi siisowa mawondo abwino. Kuongola mtengo mpoyamba, ndipo dzina langa ndalemba kale pamwamba pa pepala limene a Mlembi ayendetse tikamadya.

Kwa anzanga atatu aja, mkangano wathu tikaupitirize pa bwalo tikatha kudya. Aliyense aponya khumi, ndipo wolowetsa yochepa agulira anzake zakumwa.