Mylapore, Mudzi Umene Mzinda Udalephera Kuumeza



Mudandipempha kuti ndisimbe za ulendo wanga wa ku India, kumene boma lidanditumiza kukachita maphunziro. Ine ndasankha malo amodzi okha: Mylapore, dera la Atamilu mumzinda wa Chennai, umene unkatchedwa Madras mpaka chaka cha 1996.

Mzindawo udayamba pamene Angerezi adamanga linga la Fort St George cha m'ma 1640. Koma adapeza Mylapore alipo kale. Dzinali lichokera ku mawu a Chitamilu otanthauza pikoko, pakuti Ahindu amati mulungu wawo wamkazi, Parvati, adapembedza Shiva pamalopo ali m'maonekedwe a mbalameyo. Mlakatuli Sambandar adaimba za kachisi wa kumeneko m'zaka za m'ma 600. Lero kachisi wa Kapaleeshwarar ali pakati pa dera, pambali pa thamanda lalikulu, ndipo m'mwezi wa Panguni, cha m'Marichi kapena Epulo, anthu amayendabe m'misewu ndi mafano a oyera mtima awo 63.

Mukayenda pang'ono kulowera kunyanja mupeza tchalitchi cha San Thome, pamene Akhristu amakhulupirira kuti padaikidwa mtumwi Tomasi. Apwitikizi adamangapo tchalitchi m'zaka za m'ma 1500, ndipo chimene chilipo tsopano chidatha kumangidwa mu 1896.

Koma chimene chidandikhudza mtima si nyumbazi ayi. Tsiku lililonse m'bandakucha amayi amasesa pakhomo, kuwaza madzi, nkujambula pansi zokongoletsa ndi ufa wa mpunga, zimene amazitcha kolam. Pofika madzulo anthu azipondaponda. M'mawa mwake ajambulanso. Mylapore akadalipo chifukwa eni ake sadatope kubwereza.

Nanga ife? Dzulo ndidalowa m'chipinda chosungiramo mabuku. Kaundula wa ophunzira oyambirira akudyedwa ndi chiswe, ndipo denga la holo imene tinkalemberamo mayeso likudontha. Akadatha kaundulayo, maina a akulu athu sitidzawapezanso kwina kulikonse.

Mutu umodzi susenza denga. Msungichuma ali pakhomo ndi buku lake, tisatuluke tisanalembetse.