Ana Athu Aphunzire za Miyala ndi Nthaka: Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka



Ndiyambe ndi napolo. Agogo athu ankati ndi chinjoka chimene chimasamuka m'phiri kupita kunyanja. Mu Malichi 1991 napolo anasesa midzi ku Phalombe, ndipo mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe. Chimene chimachitika nchakuti mvula ikagwa masiku angapo osakata, dothi la pamwamba pa thanthwe limakhuta madzi, limalemera, kenaka nkutsetsereka, makamaka pamene mitengo inatha. Ine zimenezi ndinadzazimvetsa nditafika ku Chancellor College. Kuno, mu Jogalafe, tinaloweza mitundu itatu ya miyala, koma palibe tsiku limene tinagwirako mwala m'kalasi. Sindikunyoza aphunzitsi athu ayi, zipangizo analibe.

Dziko lathu lili m'chigwa cha Rift Valley, nchifukwa chake kunachita chivomezi ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu Disembala 2009. Pansi pa nthaka yomweyi pali malasha ku Mchenga ndi yureniyamu ku Kayelekera. Nanga akatswiri oyeza zonsezi adzachokera kuti, ngati mwana akuyamba kumva za geology ali kale kuyunivesite? Ndiponso ofika kumeneko ndi ochepa. Ambiri amalekera Folomu 4, ndipo ndi omwewo amene amakamanga nyumba m'tsinde mwa phiri ndi kukumba zitsime.

Pempho langa ndi ili. Ophunzira a Folomu 3 ndi 4 amene ali ndi chidwi azikhala ndi phunziro Loweruka m'mawa, lofanana ndi la chaka choyamba kukoleji: kuwerenga mapu a miyala, kuzindikira mwala uli m'manja, ndi kudziwa m'mene madzi amayendera pansi. Ena munena kuti ana ali kale ndi chintchito cha mayeso a MSCE. Nzoona, tsono lisakhale lokakamiza.

Bungwe lathu ligule mapu, tinyundo ndi magalasi okuzira, komanso lizilipira basi kamodzi pachaka kuti ana akaone ntchito ya a Geological Survey ku Zomba. A Msungichuma ali ndi kope pakhomo apo, ine ndalembetsa kale.