Tekitivi Wakufa ndi Mirandu ya Zirombo

 Nkhani ya lero ndi ya mabuku ena a Cingelezi amene akanganitsa owerenga kwa zaka zambiri. Ena awakonda kotero kuti sagona buku lisanathe. Ena ati ndi zacibwana. Ndipo alipo enanso amene ati zinthu zolembedwamo si zoti munthu wanzeru aseke nazo. Mabukuwa asanganiza zinthu zitatu m'mphika umodzi: nkhani ya tekitivi wofufuza mirandu, nkhani ya mizukwa ndi zirombo kapena makina a m'tsogolo, ndiponso nthabwala.

Citsanzo cace ndi ici. Mu 2012 mlembi wa ku America, Kevin J. Anderson, anaturutsa buku lochedwa Death Warmed Over. Mwini nkhani ndi Dan Chambeaux, amene anthu amucha Shamble. Iye ndi tekitivi wosakhala wa boma, wa mtundu uja amene munthu amlemba ganyu kuti amfufuzire kanthu. Munthuyu anaomberedwa mfuti m'mutu, naikidwa m'manda, koma anadzuka nabwerera ku ofesi yace ali ndi bala pamphumi, pakuti imfa siinacotse mirandu imene inamdikira pa tebulo. Amene adza kudzadandaula kwa iye ndi odabwitsa. Wina ndi mtembo wakale wa ku Egypt umene ufuna kusumira nyumba yosungira zinthu zakale cifukwa couika poonekera. Ena ndi mfiti ziwiri zapacibale zimene zifuna cipepeso kwa osindikiza buku la matsenga, popeza iwo analakwitsa mau ena, ndipo mmodzi wa aciwiriwo anasanduka nkhumba. Pakati pa zonsezi Shamble afufuzanso mlandu wace wa iye mwini, kuti adziwe amene anamupha.

Tekitivi wotere, wosauka, wolankhula mokhadzula, woyenda usiku m'miseu yonyowa, sanayambe ndi Anderson.  Dashiell Hammett, asanayambe kulemba, anagwira nchito ku kampani ya matekitivi ya Pinkerton, imene eni migodi ndi eni mafakitale a ku America ankailemba kuti iphwanye sitalaka. Buku lace loyamba, Red Harvest, la mu 1929, linena za tauni yopeka ya Personville, imene anaifanizira ndi Butte, tauni ya mkuwa ya ku Montana. Mwini mgodi wa m'bukumo anaitana zigawenga kuti zimgonjetsere anchito onyanyala. Zigawengazo zinagwira nchitoyo, koma zitatha zinakana kucoka, ndipo zinalanda tauni yonse pamodzi ndi apolisi omwe. Munthu amene anakhalapo pa komboni sadzasowa womasulira nkhani imeneyo. Pambuyo pace Raymond Chandler anaturutsa The Big Sleep mu 1939, ndi tekitivi wace Philip Marlowe wa ku Los Angeles. Zithunzi za kanema zocokera m'mabuku otere anthu a ku France anazicha noir mu 1946, ndilo liu lao lotanthauza cakuda, cifukwa m'nkhanizo akuluakulu ndi obvunda, ndipo tekitivi akapeza coona, kawirikawiri palibe amene amthokoza.

Tsono dandaulo loyamba la owerenga ndi lakale kuposa mabuku oseketsawo. Iwo ati nkhani ya tekitivi iri ngati nsolo: wolemba ndi wowerenga akhala mbali ziwiri za bao, ndipo njere zonse ziyenera kukhala poyera. Wolemba akabisa njere m'thumba, wabera. Mu 1929 wansembe wina wa ku England, Ronald Knox, amene analembanso nkhani za matekitivi, anandandalika malamulo khumi a masewerawa, ndipo limodzi la iwo linaletsa mizimu ndi matsenga onse. Owerenga a maganizo awa anyadira Sherlock Holmes. M'buku la mu 1902, The Hound of the Baskervilles, anthu onse a m'dera akhulupirira kuti pali garu wa kumidima amene amapha ana a banja lina. Holmes apeza kuti ndi garu weniweni, wopakidwa mankhwala owala usiku ndi munthu wofuna cuma ca masiye. Kwa iwo nchito ya tekitivi ndi imeneyo, kubvula cirombo cigoba kuti munthu aoneke. Koma ngati cirombo ciri ceniceni, ngati mzukwa ungathe kulowa m'cipinda cotseka, wowerenga adzaganiza bwanji? Wolemba angathe kumaliza nkhani monga afuna. Mapanga awiri abvumbwitsa, atero iwo.

Dandaulo lomwelo linanenedwa pa nkhani zopeka za sayansi. John W. Campbell, mkonzi wa magazini amene anaphunzitsa alembi ambiri, anaganiza kuti nkhani za m'tsogolo ndi za utekitivi sizingakwatirane, popeza tekitivi angangoturutsa kacitsulo kacilendo m'thumba, namaliza mlandu pompo. Isaac Asimov sanabvomere. Analemba The Caves of Steel, buku la mu 1954, momwe wapolisi wa ku New York wa m'tsogolo apatsidwa loboti kuti akhale mnzace wa pa nchito. Asimov anayamba wafotokoza bwino zimene loboti angathe ndi zimene sangathe, ndipo sanaphwanye malamulowo kufikira tsamba lotsiriza. Yankho lace ligwira nchito ndi pa zirombo pomwe. Wolemba akauza wowerenga poyamba kuti wopopa magazi sayenda padzuwa, ndiye kuti kupha kocitika masana kuli ndi mwini wina, ndipo njere zabwerera pa bao.

Amene anadziwa nchito imeneyi koposa ndi Terry Pratchett wa ku England, amene anamwalira mu 2015. Pali owerenga ena amene akana kuti mabuku ace si a sayansi, koma mkangano wa maina suli ndi phindu lalikulu pano. Buku lace Feet of Clay, la mu 1996, liri la mzinda wopeka wa Ankh-Morpork, kumene mkulu wa apolisi, Sam Vimes, ali ndi asilikali a mitundu yonse. Mmodzi wa iwo ndi mkazi amene asanduka mmbulu, monga anthu anenera kuno za osanduka afisi. Wina ali kudyetsa wolamulira mzinda poizoni pang'onopang'ono, ndipo Vimes ayesa zakudya, zobvala, ngakhale makoma, osapeza kanthu. Amene afuna kudziwerengera yekha atseke makutu pang'ono: poizoniyo anali m'makandulo. Ndipo iye amene anafa si wolamulirayo ai, koma gogo wina wosauka ndi khanda, cifukwa mtsikana wanchito wa ku nyumba yacifumu anatengera kwao zotsalira za makandulo kuti abale ace aone kuwala. Pamenepo wowerenga amene anali kuseka aleka.

M'buku lomwelo muli anthu oumbidwa ndi dongo, amene agwira nchito usana ndi usiku, osalandira malipiro, osalankhula, pakuti m'mutu mwa ali yense mwaikidwa pepala la malamulo. Mmodzi wa iwo, Dorfl, agwira nchito kophera nyama. Wapolisi wina amgula ndi dola imodzi, naika risiti m'mutu mwace, kotero kuti kuyambira tsiku lomwelo Dorfl akhala mwini wace wa iye yekha. Ndi nthabwala, komatu munthu amene atate ace anawerengedwa ndi tikiti ya masiku 30 adzaimva mwa njira ina. Buku ili ndilo liyenera kupatsidwa kwa owerenga aja ati kuseka kuononga nkhani yamdima.

Si onse alemba motero, ndipo apa odandaula ali ndi mfundo. Douglas Adams anaturutsa Dirk Gently's Holistic Detective Agency mu 1987. Muli zinthu zokoma, monga makina opangidwa kuti azikhulupirira zinthu m'malo mwa mwini wace, kuti mwiniyo asabvutike nako kukhulupirira. M'buku lotsatira, la mu 1988, Thor, mlungu wa bingu wa anthu akale a kumpoto kwa Ulaya, akanizidwa kukwera ndege pa Heathrow popeza alibe mapepala, ndipo pokwiya aphulitsa tebulo la kalaliki. Koma mapeto a buku loyambalo asokoneza ambiri, cifukwa munthu sangawamvetse ngati sadziwa ndakatulo ina ya Coleridge yochedwa Kubla Khan. Okonda Adams ati njira ndiyo ikoma, osati kufika. Okonda utekitivi ati anagula nsolo, napatsidwa gule. Nthabwala za Anderson nazo zambiri zitsamira pa mau a Cingelezi a matanthauzo awiri, ndipo zikapyola malire a cinenero zifera m'njira. Za A. Lee Martinez, m'buku la mu 2008 lochedwa The Automatic Detective, ziyenda bwinopo: loboti wopangidwira nkhondo akana nchitoyo, nayendetsa takisi poyembekeza kuti boma limlembe monga mbadwa, kufikira tsiku limene anansi ace abedwa.

Tsopano dandaulo lacitatu, limene wowerenga wa ku London kapena ku Chicago salilingalira. Kwa iye wopopa magazi ndi cobvala ca pa madyerero. Kuno siziri tero. Kuyambira ca m'ma 1930 m'Northern Rhodesia munamveka mbiri ya banyama, anthu amene ankati alembedwa ndi Azungu kuti agwire anzao ndi kuwapopa magazi. Anaganiziridwa ambiri, ngakhale ansembe ndi anchito oletsa kashembe. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa wailesi ya ku Lusaka, afotokoza m'buku lace Wayaleshi, la mu 1959, kuti m'masiku a mkangano wa Federesheni, mu 1952 ndi 1953, oulutsa mau a pa wailesi omwe anachedwa banyama, nakhala ndi mantha. Ndipo si za kale zokha. Mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo ku Malawi anthu anaphedwa powaganizira kuti ndi anamapopa. Mu 2020 mbiri ya othira mpweya wa poizoni m'nyumba, imene inayambira ku Chingola, inafalikira m'Zambia, ndipo makamu a anthu anapha ambiri popanda bwalo kapena mboni. Mtembo woyenda nao suli wacilendo. Nkhani za ku Haiti, kumene liu la zombie linacokera, zinena za munthu wodzutsidwa kuti alime munda wa nzimbe wa wina popanda malipiro. Kuno dzina lace ndi ndondoca. Munthu amene mbale wace anatenthedwa cifukwa ca mbiri yotere, akakana kuseka ndi Shamble, palibe woyenera kumnena kuti sadziwa nthabwala.

Komabe okonda mabukuwa ali ndi coyankha, ndipo siciri copepuka. M'mabuku abwino a mtunduwu, khamu likathamangira cirombo, tekitivi ndiye aima pakhomo nafunsa: Anaona ndani? Unali kuti iwe? Adzapindula ndani munthuyu akafa? Iye salandira za kandimverere, amene anakanena za m'maluwa. Dorfl adzipereka yekha kuti ndiye wakupha, ndipo mzinda wonse ukadakondwera kumphwanya, koma apolisi akana, cifukwa umboni sugwirizana. Zoona, amene anakonza ciwembu ca makandulo ndi wopopa magazi; koma sanalume munthu, anangokhala mu ofesi yace yolemba mibadwo ya olemera, napangana ndi akuluakulu a mzinda. Luise White, m'buku la mu 2000 lochedwa Speaking with Vampires, anati mbiri za banyama zinali njira imene anthu ananenera za nchito ndi ulamuliro umene unawayamwa mphamvu. Ngati ziri tero, ndiye kuti Hammett ndi ofalitsa mbiri za banyama anali kuloza nyumba imodzi. Kusiyana kwace ndi kwakuti tekitivi afika pa khomo lenileni, pamene khamu ligwira mlendo wodutsa m'njira.

Mlembi amene anayesa nkhani yotere pafupi ndi kuno ndi Lauren Beukes wa ku South Africa. Buku lace Zoo City, la mu 2010, linalandira mphotho ya Arthur C. Clarke mu 2011. Liri la ku Hillbrow, m'Johannesburg, kumene munthu ali yense amene anaphetsa mnzace apatsidwa nyama yoyenda nayo masiku onse, kotero kuti ucimo wace uoneka pa mseu, ndipo eni nyumba zabwino amkana. Zinzi December, amene kale anali mtolankhani, abereka kumsana kanyama kaulesi ka ku South America, ndipo ali ndi mphatso yopeza zinthu zotayika. Alembedwa ganyu kuti apeze mtsikana woimba amene wasowa, ndipo njira imfikitsa kwa munthu wacuma ndi kwa opha anthu cifukwa ca zizimba. Zinzi ali ndi pakamwa pakuthwa, ndipo wowerenga aseka ndithu m'masamba oyamba. Koma Beukes, amene alemba m'dziko momwe mirandu ya zizimba ifika m'makhoti enieni, sanaika nthabwala iri yonse pa mitembo ya m'masamba otsiriza.