Mau a Mlembi wa Chigwirizano: Za Agogo Oiwala-iwala



M'mawa wina tikupita kukagula usipa kunyanja, tinapeza agogo ena ali chiimire pamchenga, chitenje chitamasuka, osadziwa njira ya kwao. Anthu anaunjikana, ena nkumati agwa pa lichero. Ine ndemwe, ndiulule, ndinaima patali. Chonsecho agogowo ankadwala nthenda ya muubongo yoiwalitsa, imene madokotala amati dementia.

M'chaka cha 2019 bungwe la Alzheimer's Disease International linafunsa anthu pafupifupi 70,000 m'maiko 155, kuti liyese m'mene anthu amaonera odwala otere. Awiri mwa atatu alionse anati umenewo ndi ukalamba chabe. Mwa osamala odwala 100 alionse, 35 anavomera kuti anabisapo nthendayo. Kubisako ine sindikudabwa nako, pakuti kwathu kuno dzina la ufiti limaphetsa. Ku Neno mu 2016 okalamba anai anaphedwa powaganizira ufiti, pamene lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti.

Tsono ifenso tidziyese. Kodi mungadye mbale imodzi ndi agogo otere? Mungalole mdzukulu wanu kukagona kwao? Nanga akasokoneza nyimbo m'tchalitchi, mumakhala nao pafupi kapena mumasuntha? Mulembe mayankho pa kapepala, osaika dzina, mundipatse Lachinai. Ndidzawerenga poyera tisanagawane makomo okayendera.